Tsiku limene ng'ombe ziwiri zinakoka fowilo yanga

Kuno ku chigwa cha Shire munthu ukakhala ndi pikapu, pikapuyo si yako wekha. Ndi ya maliro, ya mayi amene matenda amuyamba pakati pa usiku, ya mbuzi zopita kumsika, ya mpingo pa nthawi ya msonkhano. Yanga anandisiyira ndi malume: ya dizilo, yachikale, ya ndodo ziwiri za magiya, yaikulu ndi yaing'ono. Ndodo yaing'onoyo, ya fowilo, yochititsa kuti matayala onse anayi azikoka, ndi imene inkandipatsa ulemu pa Nchalo. Anthu akamapangana za ulendo wa kumudzi m'dzinja ankati, "Tengani ya uje ija, ili ndi fowilo," ine n'kumamva kukoma, osadziwa kuti ndikudyera mbiri ya malume.

Mu Januwale 2023 kunagwa zovuta kwawo kwa mayi a kunyumba. Azakhali awo anatisiya, ndipo mudzi wake uli kumadzulo kwa Ngabu, ukasiya tala n'kulowa m'minda ya thonje ndi mapira. Tinapakira matumba awiri a ufa ndi nkhuni, amayi a mpingo anakwera kumbuyo, alamu anga n'kukhala kutsogolo ndi ine. Mvula inali itagwa usiku wonse.

Amene simunapondepo makande m'dzinja ndikuuzeni pang'ono. Ndi dothi lakuda lija limene m'chilimwe limang'aluka ming'alu yolowa dzanja, louma gwa ngati njerwa yootcha. Likamwa madzi limasanduka chinthu china: pamwamba poterera ngati therere, pansi pomata ngati ulimbo. Limadzaza m'mizere ya tayala mpaka tayala kusalala ngati kunja kwa mphika, kenako limayamba kumangana m'madigadi. Alimi a thonje amalikonda dothi limeneli, ife madalaivala timalipatsa ulemu wake.

Ndinachita zonse monga mmene malume anandiphunzitsira. Ndisanalowe pamalo poipa ndinaima, n'kukoka ndodo yaing'ono kuchoka pa 2H, pamene amakoka ndi matayala akumbuyo okha, kupita pa 4H, pamene amakoka onse anayi. Inalowa bwinobwino, ndinaimva m'dzanja. Tinayenda mamita ochepa, kumbuyo kunayamba kuvina, kenako galimoto inangokhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Matayala akumbuyo ankazungulira n'kumaponya matope mpaka pamitu pa amayi aja. Alamu anatsika kukaona.

"Alamu, ikani fowilo."

"Ndaika kale."

"Ndiye akutsogolowa akudikira ndani?"

Ndinaika 4L, fowilo yamphamvu yoyenda pang'onopang'ono. Injini inalira mwaukali, akumbuyo anakumba mozama, akutsogolo ali phee, onse awiri, ngati alendo pamlandu wa eni mudzi. Tinayala nkhuni za pamaliro pansi pa matayala, amayi anatsika n'kukankha atakwinya zitenje, koma zonsezo kunali kungowonjezera matope pa zovala. Anatipulumutsa ndi bambo wina amene ankachokera kumunda ndi ngolo. Anamasula ng'ombe zake ziwiri, tinamanga tcheni, ndipo atakuwa kamodzi kokha pikapu inatuluka ngati dzino logwedera. Polandira kangachepe kamene ndinawapatsa anasisita ng'ombe imodzi pamsana n'kunena kuti, "Bwana, kuno ndi miyendo eyiti, ndipo yonse imagwira." Amayi anaseka, pamaliro pomwe. Tinakafika thupi litanyamuka kale kupita kumanda, ndipo nkhope ya apongozi anga tsiku limenelo sindidzaiiwala.

Pali chimene sindinawauze alamu pamatope paja. Pa dashibodi pali kagetsi kobiriwira kamene kamayaka fowilo ikagwira. Kanali katatha pafupifupi chaka kasakuyaka. Ndinakaona komaliza mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, uja anagumula damu la Kapichira n'kusiya dziko lonse likuvutika ndi magetsi, msewu wa M1 utaduka malo angapo m'boma la Chikwawa. Masiku amenewo ndinaolotsa anthu ndi katundu m'madzi ofika m'mabampala, kangapo konse, fowilo ikugwira ngati yatsopano. Madzi ataphwa sindinaigwiritsenso ntchito. Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti ndinakoka ndodo ija ndili pakhomo, kagetsi sikanayake, ine n'kungoti babu lapsa, galimoto yakale. Kagetsi kaja kankanena zoona, wabodza ndinali ine.

Makaniko woyamba amene ndinamupeza sanagwade n'komwe. Anangomva nkhani, n'kugwedeza ndodo ija kawiri, basi chigamulo chatuluka: transfer, bokosi logawa mphamvu kumatayala akumbuyo ndi akutsogolo, yatha, pafunika kuyitanitsa ina ku Blantyre, ndipo iye akudziwa munthu amene ali nayo. Mtengo umene anatchula unali wa ng'ombe yathunthu. Sindikunena kuti ankafuna kundibera. Ambiri mwa anyamata athu anaphunzira ntchito pa maminibasi ndi masaluni oyenda patala, kotero fowilo amangoidziwa kuti ndi bokosi lili kuseri kwa giyabokosi, likavuta sinthani. Koma ng'ombe ndinalibe.

Alamu omwe aja ndi amene ananditengera kwa madala ena amene amakonza magalimoto pansi pa mtengo wa nimu, munthu amene unyamata wake wonse anathera pa mathirakitala m'minda ya nzimbe. Sanafunse za ndalama. Anafunsa kuti kagetsi kamatani, ndi kuti galimoto inalowa liti m'madzi. Nditayankha anangoti "Ehe," n'kutuma mwana kukatenga choko.

Mmene anandifotokozera ndi mmene ndimafotokozeranso anzanga lero. Mphamvu ya injini ili ngati uthenga wa maliro. Umachoka pakhomo, kupita kwa mwini mbumba, kwa amfumu, kwa adzukulu, mpaka kwa achibale akutali. Wina akapanda kumva, suyamba n'kukalipira amene anautumiza. Umayenda khomo ndi khomo kufunsa kuti unathera pati. Pa galimoto uthenga umachoka mu injini kulowa mu giyabokosi, kenako mu transfer, imene imaugawa kumbuyo ndi kutsogolo. Wakutsogolo umayenda pa shafiti yaifupi kukafika mu difu, difu n'kuugawa ku mashafiti awiri a m'mbali, ndipo pomalizira umadutsa pa habu, chitsulo cha pakati pa tayala, kulowa m'tayala. Makomo ndi amenewo. Makaniko woyamba uja anagamula mlandu pakhomo loyamba osafunsa enawo.

Madala analowa pansi n'kulemba mzere wa choko pa shafiti yopita kutsogolo, natuluka. Anati ndiike 4H n'kuyenda pang'ono chabe. Titayang'ana, mzere uja unali utasuntha. Kenako anati ndizimitse injini, ndisiye mu giya, handibuleki ili m'mwamba, iwo n'kugwira shafiti ija ndi manja awiri kuyesa kuipotoza. Inakana. Titabwezera ndodo pa 2H inazungulira mosavuta.

"Mwaona, achimwene? Transfer yanu ilibe mlandu. Ikati igwire ikugwira, ikati isiye ikusiya. Ng'ombe yanu ija isungeni."

Zinatenga mphindi zosakwana khumi, ndipo chida chake chinali choko cha kusukulu. Shafiti ija ikanazungulira m'manja ndodo ili pa 4H, apo ndiye tikanayang'ana transfer, ndipo ngakhale pamenepo tikanayamba ndi ndodo yeniyeniyo ndi timalabala take, chifukwa nthawi zina ndodo imayenda pamwamba koma pansi siikukankha mokwanira.

Chachiwiri chinali jeke. Apa ndiime kaye, chifukwa m'chigwa muno nthaka ndi yofewa ndipo tamvapo za anthu opsinjidwa. Madala anaika thabwa lochindikala pansi pa jeke, miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala akumbuyo, ndi chitsa pansi pa chasisi. Injini inali yozima. Galimoto ili mu fowilo, tayala limodzi lili m'mwamba, sulizanso injini n'kuika giya, chifukwa matayala atatu otsalawo ali pansi ndipo akhoza kuigwetsa pa jeke.

Tinakweza tayala limodzi lakutsogolo, ndodo ili pa 4H. Fowilo ikakhala kuti yagwira, tayala lotere limangogwedera pang'ono n'kukana, popeza lamangika ku shafiti imene yamangika ku matayala akumbuyo. Langa linazungulira ngati la njinga ya kabaza. Madala anati ndiyang'ane kuseri kwa tayala, pa shafiti ya m'mbali ija yokhala ndi labala wamakwinya. Inkazungulira limodzi ndi tayala, mosalala, popanda kugogoda. Ndiye kuti pa habu palibe vuto, ndipo CV joint, mfundo ya shafiti imene ili m'kati mwa labalayo, sinathyoke. Uthenga unkafika mu difu kuchokera kumbuyo, khomo la kutayala linali lotsegula, koma pakati pa awiriwa panali pamene unkathera.

"Ndi ADD imeneyi," anatero madala.

Ine ndinadabwa, chifukwa ADD imene ndimaidziwa ndi ofesi ya zaulimi ya Shire Valley ija ili pa Ngabu. Anaseka mpaka kutsokomola. Dzinali ndi la a Toyota, chidule cha Automatic Disconnecting Differential, koma madala amangotchula choncho makina onse a mtunduwu, popeza a Mitsubishi ndi a Isuzu nawonso anapanga zofananako. Nkhani yake ndi iyi. Kuti galimoto isamavutike kuzunguza zitsulo zonse zakutsogolo pamene ikuyenda patala, opanga magalimoto amadula uthenga penapake. Ena amadula pa habu. Pa Land Cruiser zambiri za zipatala ndi za mabungwe zimene timaziona kuno mumaona kachitsulo pakati pa tayala kolembedwa FREE ndi LOCK, kamene dalaivala amatsika n'kupotoza ndi dzanja. Ena anaika mahabu odzitseka okha shafiti ikayamba kuzungulira. Ndipo ena, ngati pa yanga, anadula shafiti ya mbali imodzi pawiri mkati mwa chitsulo cha difu, n'kuika kolala ya mano imene imatsetsereka kulumikiza zidutswa ziwirizo. Chimene chimakankha kolalayo amachitcha actuator. Pa magalimoto akale chimayendera mpweya wokoka, vakyumu, ndipo pa atsopano ambiri muli kamota ka magetsi.

Ndinafunsa funso limene linkandisautsa chichokere kumatope kuja: ngati adula mbali imodzi yokha, bwanji tayala la mbali inayo silinakoke? Madala analoza kumunda wa nzimbe. Madzi a m'ngalande, anatero, akapeza pogumuka amathera pomwepo, safika kumizere. Difu wamba ndi chimodzimodzi: mphamvu imathamangira kumene kulibe chokaniza. Kachidutswa ka shafiti kamene sikanalumikizidwe kamangozungulira m'kati mopanda katundu, mphamvu yonse n'kutayikira pamenepo, matayala onse awiri ali chiimire. N'chifukwa chakenso amene ali ndi mahabu a pamanja akatseka imodzi n'kuiwala inzake amakhala ngati sanatseke n'komwe. Ndipo n'chifukwa chake si bwino kuthamangira kunena kuti fowilo yafa mukaona tayala limodzi lakutsogolo likuzungulira m'matope linzake litaima. Pamenepo fowilo ikugwira, kungoti difu yasankha tayala loterera. Kunena zoona, fowilo zambiri zimene timanyadira zikafika pothina zimakoka ndi matayala awiri, limodzi kutsogolo, lina kumbuyo, pokhapokha ngati pali diff lock, loko wokakamiza matayala a mbali ziwirizo kuzungulira limodzi.

Tinatsitsa galimoto. Ku actuator kumapita timapayipi tiwiri ta labala, tonenepa ngati pensulo. Injini ya dizilo siipanga vakyumu payokha ngati ya petulo, choncho ili ndi kapampu kake, kamene kamathandizanso mabuleki. Madala anandifunsa ngati buleki imalimba ngati mwala ndikaponda. Ndinati ayi. Ndiye kuti kapampu kali bwino. Kuchoka pamenepo vakyumu imadutsa pa kavavu kolola mbali imodzi, kusungidwa m'kathanki, n'kufika pa ma solenoid awiri, timavavu ta magetsi, amene amasankha kuti ipite payipi iti. Amene amauza ma solenoid kuti ndodo yasuntha ndi kaswitchi kali pa transfer.

Anazula timapayipi tiwiri tija ku actuator, ine ndinaliza injini, giya ili pa nyutulo, miyala ili m'malo. Anaika chala pakamwa pa kapayipi koyamba ndodo ili pa 2H, kanayamwa chala. Nditakoka kupita pa 4H, koyamba kanasiya, ndipo kachiwiri kanayenera kuyamba kuyamwa. Zii. Koma kusiya kwa koyamba kuja kunali nkhani yabwino, chifukwa kunasonyeza kuti kaswitchi, fyuzi ndi mawaya zikugwira. Tinatsata kapayipi kachiwiri ndi zala kukwera nako mpaka kuseri kwa batire, ndipo pamenepo tinapeza nyumba ya eni ake: chisa cha thonje ndi makoko a mapira, chofunda bwino, ndi kapayipi kanga katadyedwa mbali imodzi, mano akuoneka.

Makoswe. Pikapu imagona pafupi ndi kanyumba kamene ndimasungiramo matumba, ndipo chilimwe chonse inkanyamula mapira. Ndinkawadyetsa, kuwapatsa pogona, iwo n'kundilipira choncho. Madala anati akanapanda makoswe dzuwa likanagwira ntchito yomweyo, chifukwa kutentha kwa kuno, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, kumaumitsa labala mpaka kung'aluka pamalo polowetsa. Kapayipi katsopano ndinagula pamtengo wosafika mbale ya nsima ya makakana.

Ndinkaganiza kuti tatha. Chala chinayamwidwa, tinalumikiza, ndinakoka ndodo, ndinayenda pang'ono kuti mano akumane. Kagetsi sikanayake. Ndinabwerera m'mbuyo, kupitanso kutsogolo, ndipo patapita nthawi kanaphethira n'kuyaka, monyinyirika ngati mwana wodzutsidwa kupita kusukulu. Ine ndinali wokonzeka kulipira n'kumapita. Madala anapukusa mutu. Anati chinthu chimene chikugwira mochedwa pouma, pamatope sichidzagwira, ndipo anabwerera ku funso lawo loyamba lija la madzi.

Anamasula bawuti yothirira oyilo pa difu yakutsogolo n'kulowetsa chala. Chinatuluka ndi zinthu zotuwa ngati thobwa. Oyilo wa difu amakhala woyera ngati uchi akakhala watsopano, n'kumada akamakalamba, koma akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti wasakanikirana ndi madzi. Anali madzi a namondwe Ana, atakhala m'menemo chaka chathunthu. Mmene amalowera ndi nkhani imene dalaivala aliyense wa m'chigwa anayenera kuuzidwa tsiku lolandira laisensi. Difu ikayenda imatentha, mpweya wa m'kati n'kufufuma, ndipo pamwamba pake pali kabowo kopumira. Ukailowetsa m'madzi ozizira ili yotentha, mpweya uja umanyala mwadzidzidzi, difu n'kukoka chilichonse chili pafupi. Kopumira kakamira, imamwa madzi kudzera pamenepo. Kakatsekeka ndi matope, ngati mmene kanalili kanga, imakoka kudzera m'masilo, timalabala totchinga oyilo kuti asatuluke. Difu yakumbuyo ndinkaisintha oyilo chifukwa ndi imene ndinkaiganizira. Yakutsogolo ndinali ndisanaitsegulepo chimwalirire malume.

Tinakhetsa thobwa lija, madala anachotsa actuator. Foloko imene imakankha kolala inali ndi dzimbiri pa kachitsulo kamene imatsetserekapo, ndipo inkayenda mokakamiza. Anaipala ndi sandipepa wosalala, kuitsuka ndi dizilo, mpaka inayamba kuyenda ndi chala chimodzi. Kenako anatulutsa sirinji yaikulu ya mankhwala a ng'ombe, kuilumikiza ku kapayipi, n'kukoka. Foloko inasuntha n'kukhala pomwepo, osabwerera. Ikanabwerera, kapena sirinji ikanangokoka mphepo, ndiye kuti chikopa cha labala cha m'kati mwa actuator chabooka, ndipo apo ndiye ulendo wa ku Blantyre ukanakhalapo, kukwera zikhotakhota za pa Thabwa kukasaka ina. Mano a magiya a difu anali ndi timadontho ta dzimbiri koma osakumbika. Tinathira oyilo wa magiya wa nambala imene buku la galimoto limanena, ndipo anandiuza kuti ndiyende naye sabata ziwiri ndibwere tidzakhetsenso, kuti chinyezi chotsalira chituluke. Pa kabowo kopumira analumikiza payipi yaitali ya mafuta kukwera nayo mpaka m'boneti pamwamba, kumapeto kwake n'kuikako kafyuluta ka petulo ka njinga yamoto. Anachita chimodzimodzi ndi difu yakumbuyo.

Nditakoka ndodo ulendo uno, kagetsi kanayaka galimoto isanayende kutalika kwa ngolo. Tinakwezanso tayala pa jeke: linagwedera pang'ono n'kukana.

Pamene tinkasamba m'manja madala anayang'ana matayala anga n'kudandaula. Anali a kaunjika, atatu a saizi imodzi, limodzi losiyana, ndipo akutsogolo anali odyeka kuposa akumbuyo. Fowilo ya mtundu uwu ilibe difu yapakati, kotero ikagwira, shafiti yakutsogolo ndi yakumbuyo zimazungulira liwiro limodzi, zifune zisafune. Matayala akasiyana kukula, kapena ukayenda patala pouma n'kumakhota, zitsulo zimayamba kukokana. Pamatope kapena pamchenga tayala limaterera pang'ono mkangano n'kutha, koma patala palibe poterera. N'chifukwa chake ndodo nthawi zina imakana kutuluka mu 4H ukangokwera pa M1 kuchokera kumudzi, ndipo mankhwala ake si kuimenya ndi chibakera koma kubwerera m'mbuyo mamita angapo chiwongolero chili chowongoka. Anandichenjezanso za chizolowezi chimene ndinali nacho osadziwa kuti n'choipa: kukoka ndodo matayala akumbuyo ali pakati pozungulira m'matope. Pamenepo mbali imodzi ikuthamanga, ina yaima, ndipo mano akakumana motero amabenthuka. Chotsa phazi pa moto, matayala aime, kenako ika. Za 4L ndiye galimoto iime kaye, kilatchi ili pansi.

Ndinawafunsa ngati sikungakhale bwino kungochotsa zonsezi n'kuika mahabu a pamanja. Ambiri amatero: amamanga kolala ija kuti ikhale yolumikiza nthawi zonse, n'kuika mahabu a FREE ndi LOCK. Ine mtima wanga uli komweko, ndisaname. Chinthu chopotoza ndi dzanja khoswe sangachidye. Koma nachonso chili ndi khalidwe lake. Ukachipaka girizi wambiri, makamaka wolimba uja, kamphete ka m'kati kamamatirira, ndipo muvi umaloza LOCK pamene m'kati simunagwire. Ukachiiwala umakumbukira uli kale pakati pa matope, n'kutsika ndi nsapato za kutchalitchi. Ndiponso ana a pa sitolo amakonda kupotoza akaona galimoto yaima. Mahabu odzitseka okha aja ndiye madala sawafuna n'kuwamva komwe, chifukwa ambiri amamasuka ukasintha kuchoka kutsogolo kupita m'mbuyo, ndipo munthu wotitimira amachita chimenecho, kugwedeza galimoto uku ndi uku. Tinagwirizana kuti zanga zikhale mmene zilili mpaka tsiku limene actuator idzafe yokha.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti malangizo anali m'galimoto momwemo nthawi yonseyi. M'kabati ya dashibodi muli buku limene malume analisunga m'pepala la pulasitiki. Mabuku a magalimoto oterewa amanena kuti fowilo izigwiritsidwa ntchito mwezi uliwonse, ndipo a Toyota amatchula makilomita 16, kuti oyilo azungulire n'kunyowetsa zitsulo zakutsogolo. Kuno mvula imasiya cha mu Epulo n'kudzabweranso mu Novembala kapena Disembala. Miyezi yonseyo fowilo imagona, dzimbiri likugwira ntchito, makoswe akumanga, labala akuuma, ndipo timadzaidzutsa tsiku limene moyo wa munthu kapena ulemu wa banja wadalira pa iyo. Paja amati walira mvula walira matope, koma ife timalira mvula chaka chilichonse matopewo osawakonzekera. Tsopano kumayambiriro kwa mwezi ndimalowa msewu wafumbi wopita kumadimba, ndodo ili pa 4H, ngakhale mu Okutobala nthaka ili gwa. Ana anga amandiseka kuti adadi akuopa matope a m'maloto.

Sipanathe miyezi iwiri, mu Malichi 2023, namondwe Freddy anafika. Za imfa ndi midzi yokokoloka sindilemba pano, amene tinaona tikudziwa. Madzi atayamba kuphwa pikapu inagwira ntchito masiku ambiri osapuma, kunyamula ufa ndi anthu kupita kumisasa, kagetsi kobiriwira kali ngwee. Madzulo aliwonse ndinkamasula bawuti ya difu n'kulowetsa chala, ndipo oyilo ankatuluka woyera.

Sabata yomweyo mnzanga wina wogula mbuzi, amene ali ndi pikapu yatsopano ya batani m'malo mwa ndodo, anandiimbira kuti kagetsi kake kakungophethira osakhazikika. Pa magalimoto ambiri kuphethira kotero kumatanthauza kuti kompyuta yalamula koma mbali ina sinayankhe kuti yagwira. Ndinapita ndi choko changa, ndikudzimva umisiri. Shafiti inasuntha, transfer inalibe mlandu. Fyuzi inali yamoyo. Timapayipi ta vakyumu panalibe, panali pulagi ya mawaya yodzaza matope, imene tinaitsuka n'kuiumitsa, koma kagetsi kanapitiriza kuphethira. Ndinagona chapambali n'kutchera khutu iye akudina batani, injini ili yozima, kiyi yekha atatsegula: kamota ka pa difu sikanalire n'pang'ono pomwe. Titapita nayo pansi pa nimu paja, madala anatsegula chivundikiro cha actuator ndipo munatuluka madzi a mtundu wa Shire, timizere ta kopa ta m'kati titachita ndere zobiriwira. Anayesa kupala, kamota kanatembenuka kamodzi n'kufa. Apa choko ndi sirinji zinathera pomwepo. Chitsulo chinayenera kuchokera ku Blantyre, ndipo msewu unali usanatseguke bwino.

Mbuzi zake sabata imeneyo zinafika pamsewu wa tala pa ngolo. Akuti mwini ngoloyo anamulipiritsa kawiri mtengo wa masiku onse, ndipo sanalole n'komwe kunenerera.